Setifiketi ya Masiku Asanu Sipoletsa Bala la Mumtima

M'kabati yanga muli setifiketi imene sindionetsa munthu aliyense. Ili ndi dzina langa lolembedwa mokongola, chidindo chofiira ndi siginecha ziwiri. Imanena kuti ndinamaliza bwino lomwe maphunziro a uphungu. Maphunzirowo anali a masiku asanu, pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Tikachotsapo Lolemba limene tinathera kudziwana ndi kukangana za alawansi, komanso Lachisanu limene tinathera kujambulitsa ndi kusainira ndalama za ulendo, atsala ndi masiku atatu okha. Nditabwerera ku ntchito, akuluakulu analengeza kuti aliyense amene ali ndi nkhawa azibwera kwa ine, poti tsopano ofesi yathu yapeza mlangizi.

Patatha miyezi ingapo, mnzanga wina amene tinkagwira naye ntchito analowa mu ofesi mwanga natseka chitseko. Anandibwezera kandalama kochepa kamene anandikongola kalekale, kamene ine ndinali nditakaiwala. Kenaka anati, "Achimwene, ine ndatopa. Ndikuona kuti ana anga angakhale bwino popanda ine." Ndinamuyankha ndi zonse zimene zinali m'mutu mwanga. Ndinamuuza kuti ngongole si imfa, kuti mwamuna salira, kuti apemphere, ndiponso kuti alembe bajeti. Ndinalankhula mphindi makumi awiri, iye akungogwedeza mutu. Potuluka anandithokoza, ine n'kudziona ngati ndagwira ntchito yotamandika. Sipanathe masabata awiri, tinakamuika m'manda kumudzi kwawo. Anadzipha.

Sindikunena kuti ndine ndinamupha, ndiponso sindikunena kuti mlangizi wophunzira bwino akanamupulumutsa mosakayika. Chimene ndikunena n'chakuti ndinadzazindikira mochedwa zinthu zimene wophunzira uphungu weniweni amaphunzira chaka choyamba. Munthu akayamba kubweza ngongole zakale, kugawa katundu wake ndi kunena kuti anzake angapepukidwe iye atachoka, amenewo ndi mabelu ochenjeza. Zikatero mlangizi amafunsa mosapita m'mbali kuti, "Kodi mukuganiza zodzipha?" Ofufuza anapeza kuti funso limeneli silidzala maganizo oipa mwa munthu, koma limam'patsa mpata wotula katundu. Akavomera, samusiya atuluke yekha popanda dongosolo la amene akhale naye ndi kumene akathandizidwe. Zonsezi ine sindinkazidziwa, koma setifiketi ndinali nayo.

N'chifukwa chake ndikufuna kutsutsana ndi chizolowezi chimene chamera mizu pakati pathu, choganiza kuti uphungu ndi ntchito imene munthu aliyense wamtima wabwino angaitole pa wekishopu. Ndikufuna kunena mosabisa kuti dziko lino likufunika anthu ophunzira uphungu mpaka digiri yachiwiri, ophunzitsidwa zaka osati masiku, ndipo pakati pawo pakhale ena odziwa kuthandiza anthu pogwiritsa ntchito zojambula, nyimbo, gule ndi masewero. Ndikudziwa kuti ena aseka kale. Tiyeni tiwamve oseka aja mmodzimmodzi.

Woyamba akuti, uphungu n'chiyani, si kucheza chabe? Munthu angapite bwanji ku yunivesite kukaphunzira kumvetsera? Abale anga, ngati kumvetsera kukanakhala kophweka, bwenzi mnzanga uja atapeza khutu mu ofesi mwanga, koma anapezamo pakamwa. Ambiri a ife munthu akamatifotokozera mavuto ake timakhala tikukonza yankho asanamalize chiganizo. Timafulumira kulangiza chifukwa ululu wa mnzathu umatisowetsa mtendere, ndiye timautseka ndi malangizo monga mmene timatsekera dzenje ndi zinyalala. Katswiri wa ku America, Carl Rogers, amene buku lake la m'chaka cha 1951 linasintha kachitidwe ka uphungu, anatsindika kuti munthu amayamba kusintha akamvetsedwa popanda kuweruzidwa. Kunena zimenezi n'kosavuta, koma kuzichita pamaso pa mayi amene akukuuza kuti mwamuna wake amagona ndi mwana wawo wopeza, apo pamafunika munthu wosulidwa.

Taonani mmene anzathu amasulira anthu otere. Ku America, wofuna kukhala mlangizi wovomerezeka amayamba wapeza digiri yoyamba, kenaka amachita digiri yachiwiri ya zaka ziwiri kapena zitatu. Mkati mwa zakazo amayenera kuthera maola osachepera 100 akuyesera ntchito, kenaka ena 600 akugwira ntchito yeniyeni pa chipatala, pa sukulu kapena pa ndende, woyang'anira wake akumuona ndi kumukonza sabata ndi sabata. Akamaliza, m'madera ambiri a dzikolo amafunikanso maola ena zikwi ziwiri kapena zitatu akuyang'aniridwa asanaloledwe kugwira ntchito payekha. Tayerekezani maola 700 oyambirira okha aja ndi masiku anga atatu, amenenso munali nthawi ya tiyi kawiri pa tsiku. Kodi tingalole munthu wophunzira masiku atatu kuti azule dzino la mwana wathu? Nanga n'chifukwa chiyani timamulola kugwira mtima wake?

Wachiwiri akuti, zimenezo n'zachizungu, ife tili ndi ankhoswe, anankungwi, atsibweni, abusa ndi mashehe. Ameneyu ndimamulemekeza chifukwa mbali ina akunena zoona. Makolo athu sanadikire Carl Rogers kuti adziwe zoti wofedwa sasiyidwa yekha, n'chifukwa chake timagona pa siwa. Katswiri wathu wa za maganizo, Pulofesa Chiwoza Bandawe, wakhala akulemba kwa zaka zambiri kuti chithandizo cha maganizo kuno chiyenera kumangidwa pa umunthu. Koma amene akutchula anankungwi aja akuiwala chinthu chimodzi. Nankungwi sankasankhidwa pa wekishopu. Ankayamba ali phungu wa namwali mmodzi, akuonerera akuluakulu chaka ndi chaka, akudzudzulidwa akalakwitsa, mpaka mudzi utakhutira kuti wakhwima. Sing'anga wa vimbuza kumpoto sangodzuka m'mawa n'kuyamba kuvinitsa odwala. Amakhala nthawi yaitali pansi pa sing'anga wamkulu. Choncho mwambo wathu uli kumbali yanga pa mtsutsowu. Chachilendo pakati pathu si maphunziro aatali ayi. Chachilendo ndi setifiketi ya masiku asanu.

Komanso tivomereze kuti pali milandu imene mwambo umaiphimba m'malo moipoletsa. Ankhoswe angati amene abweza mkazi womenyedwa kwa mwamuna wake ndi mawu akuti banja n'kupirira? Achinyamata angati odwala maganizo amene amangidwa maunyolo kumalo opempherera miyezi yathunthu, pamene mankhwala akanawathandiza? Mlangizi wophunzira bwino salanda ntchito ya nkhoswe kapena ya m'busa. Iye amadziwa malire, amazindikira kuti apa pafunika dokotala, apa pafunika apolisi, apa pafunika malume, ndipo amasunga chinsinsi, chinthu chimene pa bwalo la mudzi n'chosowa.

Wachitatu ndiye amabwera ndi nkhani ya ndalama. Akuti dziko losowa panado m'zipatala lingaganize bwanji za digiri ya uphungu? Ndipo ngati ndi wowerenga, amatchula za ku Zimbabwe, kumene dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa m'chaka cha 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench. Kumeneko agogo aakazi opanda madigiri amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumathandiza anthu amene avutika ndi kuganiza kwambiri, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2016 anaonetsa kuti njirayi imagwira ntchito. Ndiye akuti, mwaona, digiri n'njosafunika.

Koma amene amanena zimenezi amaona benchi lokha, osaona amene ali kuseri kwake. Agogo aja sanangotoledwa m'misika. Anaphunzitsidwa njira imodzi yodziwika bwino yothandiza munthu kusanthula vuto lake, ali ndi mafunso oyezera kukula kwa vutolo, ali ndi owayang'anira, ndipo akakumana ndi munthu wofuna kudzipha amadziwa kumene angamutumize tsiku lomwelo. Amene anakonza zonsezi, amene amaphunzitsa ndi kuyang'anira, ndi anthu a maphunziro apamwamba. Phunziro la ku Harare si lakuti akatswiri n'ngosafunika ayi, koma lakuti katswiri mmodzi akhoza kuchirikiza manja ambirimbiri. Ife tinatengera theka la phunzirolo. Tinachulukitsa manja, koma mutu wowatsogolera tinauiwala. Kuyambira nthawi imene mliri wa Edzi unatikakamiza kuphunzitsa alangizi ambiri mofulumira kuti aziyeza magazi, tinazolowera kuganiza kuti maphunziro aafupi ndiwo uphungu wonse. Alangizi amenewo anagwira ntchito yaikulu ndipo ndimawavulira chipewa, koma anaphunzitsidwa ntchito imodzi. Lero tikuwatula maliro, nkhanza za m'banja, katapira, juga ndi chamba, popanda wowafunsa pa Lachisanu kuti, "Sabata ino mwakumana ndi zotani, nanga inuyo muli bwanji?"

Tsopano ndifike kwa inu anzanga alembi, ojambula, oimba ndi a zisudzo, chifukwa nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndi kuononga Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi maboma ena a kummwera, anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Ine ndinali m'gulu la ogwira ntchito m'boma amene tinatumidwa kukalemba maina pa msasa wina umene unali pa sukulu. Tsiku lina kunafika galimoto ya achinyamata ovala malaya ofanana, atanyamula mapepala ndi chekeni. Anasonkhanitsa ana m'kalasi nawauza kuti, "Jambulani zimene munaona usiku uja." Ana anajambula. Mtsikana wina wa zaka ngati zisanu ndi zinayi anajambula madzi akuda ndi dzanja limodzi lotulukira pamwamba. Mnyamata wotsogolera anakweza pepalalo m'mwamba kuti onse aone, namufunsa kuti afotokozere anzake kuti dzanjalo ndi la yani. Mwanayo anayamba kunjenjemera. Nthawi itakwana 3 koloko anatolera zojambula zonse, anajambulitsa ndi ana, galimoto n'kuliza. Azakhali a mwanayo anandiuza m'mawa mwake kuti anakuwa usiku wonse.

Achinyamata aja sanali oipa mtima. Anasiya zawo kudzathandiza pamene ambiri tinangoonerera pa wailesi ya kanema. Koma anatsegula bala popanda ulusi wolisokera. Chimene anachita chikufanana ndi njira ina imene kale inali yotchuka, yosonkhanitsa anthu amene angopulumuka kumene pa ngozi n'kuwauza kuti afotokoze zonse pa nthawi imodzi. Ofufuza atasanthula zotsatira zake anapeza kuti siteteza anthu ku matenda a maganizo, ndipo ena imawaonjezera ululu, mwakuti bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti isagwiritsidwe ntchito. Munthu wophunzira akanadziwa kuti masiku oyamba mwana amafuna chitetezo, chakudya, nkhope zodziwika ndi masewera wamba. Akanam'patsa pepala osamulamula chojambula. Dzanja lija likanatuluka lokha, iye sakanalikweza m'mwamba, sakanalimasulira, ndipo koposa zonse akanabweranso sabata yotsatira, ndi inzake, ndi inzake.

Ntchito imeneyi ili ndi mbiri yake ndi sukulu zake. Dzina lakuti art therapy linayamba ndi wojambula wa ku Britain, Adrian Hill, m'chaka cha 1942. Iye anazindikira mphamvu ya kujambula pamene ankadwala chifuwa chachikulu m'chipatala, ndipo kenaka anayamba kujambulitsa odwala anzake. Ku America kunali amayi awiri amene anasiyana maganizo mopindulitsa. Margaret Naumburg ankaona chojambula ngati chilankhulo chotulutsa zimene pakamwa palephera, pamene Edith Kramer, amene anagwira ntchito ndi ana ovutika ku New York, ankati mankhwala ali m'kupanga kwenikweniko. Bungwe la akatswiri a ntchitoyi linakhazikitsidwa ku Britain m'chaka cha 1964, ndipo ku America m'chaka cha 1969. Ku Britain lamulo sililola munthu kudzitcha dzinali ngati sanalembedwe m'kaundula wa ogwira ntchito zachipatala, ndipo kuti alembedwe amafunika digiri yachiwiri ya zaka ziwiri. Pa nthawi ya maphunziroyo wophunzira amayenera iye mwini kumakaonana ndi mlangizi, kuti mabala ake asadzawapake pa odwala. Pafupi nafe pompano, ku South Africa, akatswiri otere amalembedwa ndi bungwe loyang'anira ntchito zachipatala, ndipo yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg imaphunzitsa digiri yachiwiri yothandiza anthu kudzera m'masewero.

Chondipweteka n'chakuti zipangizo za ntchitoyi tili nazo kuposa ambiri mwa anzathuwo. Vimbuza ndi gule wochiza, ndipo bungwe la UNESCO linamuzindikira m'chaka cha 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu. Amayi athu akhala akutula nkhawa zawo m'nyimbo za pamtondo, kunena mwa nyimbo zimene sakanatha kunena pamaso pa apongozi. Ana athu amaumba ng'ombe zadothi ndi kuchita masanje, mmene amasewera za mavuto a m'nyumba mwawo popanda wowauza. Ku Chancellor College, akadaulo monga Chris Kamlongera ndi David Kerr anayenda ndi zisudzo m'midzi kuti anthu akambirane mavuto awo. Dothi lilipo, ng'oma ilipo, nthano zilipo. Chosowa ndi munthu amene akudziwa mbali zonse ziwiri, wodziwa ng'oma komanso wodziwa zimene zimachitika m'mutu mwa mwana amene waona mayi ake akukokoloka.

Ndiye ndikuchenjezeni anzanga aluso, ndipo ndikudzichenjeza ndekha poti nanenso ndimalembako. Kudziwa kulemba ndakatulo yolilitsa anthu sikukupanga munthu kukhala wochiza. Luso lathu ndi lotakasa, ndipo kutakasa n'kosiyana ndi kupoletsa. Ife timakondwa omvera akagwetsa misozi, timati uthenga wafika. Wochiza amafunsa kuti, misoziyo ikatha munthuyu agona kuti, ndipo mawa adzuka bwanji? Tikamalandira ndalama za mabungwe kuti tikachititse amayi ogwiriridwa sewero la zimene zinawachitikira, kenaka n'kukwera minibasi kubwerera m'tauni, tidzifunse ngati tathandiza iwo kapena tathandiza lipoti.

Sindikunena kuti palibe chimene chikuchitika. Chipatala cha boma cha matenda a maganizo ku Zomba chakhala chikusenza katundu wa dziko lonse kwa zaka zambiri. A St John of God ku Mzuzu ali ndi chipatala komanso koleji imene yakhala ikuphunzitsa uphungu ndi chisamaliro cha odwala maganizo. Yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu imasula madokotala ndi anamwino a ntchitoyi. Amenewa ayamikidwe. Koma tikayerekeza ndi chiwerengero chathu, chimene kalembera wa 2018 anapeza kuti chinali choposa 17 miliyoni, amenewa ndi madontho pa nthaka youma. Malipoti a apolisi onena za anthu odzipha amatifika kawirikawiri, ambiri mwa iwo amuna, zifukwa zake ngongole ndi mavuto a m'banja. Timagwira pakamwa tsiku limodzi, kenaka n'kuitanitsa wekishopu ina.

Zimene ndikupempha si zakumwamba. Choyamba, mayunivesite athu aike mtima pa digiri yachiwiri ya uphungu imene muyeso wake ndi maola ogwira ntchito pansi pa woyang'anira, osati kukula kwa chimbukuli chimene wophunzira walemba pomaliza. Chachiwiri, madipatimenti a zaluso ndi a zamaganizo, amene nthawi zambiri amakhala moyandikana koma osalankhulana, akhale pansi akonze maphunziro a kuchiza ndi luso, ophunzitsidwa m'zilankhulo zimene anthu athu amalirira. Munthu salira m'Chingerezi. Ngati aphunzitsi oyamba asowa, titumize anthu ochepa ku South Africa ndi pangano loti adzabwerere kudzaphunzitsa ena. Chachitatu, boma, limene ine ndimaligwirira ntchito ndipo ndikudziwa mmene limayendera, likhazikitse maudindo enieni a alangizi m'zipatala za m'maboma, m'sukulu za sekondale ndi m'ndende, okhala ndi giredi ndi malipiro ake. Palibe mwana wanzeru amene angathere zaka zisanu ndi chimodzi pa sukulu kuti akagwire ntchito imene ilibe mzere pa ndandanda wa malipiro. Chachinayi, pakhale kusiyanitsa koonekeratu pakati pa mlangizi wophunzira ndi mthandizi wa maphunziro aafupi, ndipo mthandizi aliyense akhale ndi katswiri womuyang'anira amene angamuimbire foni zinthu zikavuta.

Ndalama zichokera kuti? Funso limeneli musandifunse ine, chifukwa ndasainapo mapepala a alawansi okwanira. Tawerengerani nokha mtengo wa anthu makumi atatu ogona pa hotela ya kunyanja masiku asanu, chakudya, mafuta a galimoto, zikwama ndi malaya olembedwa uthenga. Kenaka muchulukitse ndi mawekishopu onse a uphungu amene achitika m'dziko muno kuyambira zaka za m'ma 1990. Mupeza kuti ndalama zophunzitsira akatswiri sizinasowe. Tinazidya ndi chambo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtima wa munthu wovulala uli ngati nkhono imeneyo, sutuluka kwa wothamanga, ndipo wosadziwa akaugogoda umabwerera mkati osadzatulukanso. Kudekha kotere kumaphunziridwa, ndipo kumatenga zaka. Ine ndinapempha akuluakulu anga kuti achotse dzina langa pa udindo wa mlangizi wa ofesi. Wina akabwera ndi nkhawa masiku ano ndimatseka pakamwa, ndimamvetsera, ndimafunsa funso limene ndinalephera kufunsa mnzanga uja, kenaka ndimamuperekeza kwa odziwa. Vuto n'lakuti odziwawo ali kutali ndipo mzere wake ndi wautali. Setifiketi ija ndinaisunga dala, kuti tsiku limene wina adzandiuze kuti dziko lino lili ndi alangizi okwanira, ndidzaitulutse ndi kumuonetsa mmodzi mwa alangizi amene akuwawerengawo.